Zimene Sitinkawafunsa Adada

Area 25, Lilongwe
10 Marichi 2024

Okondedwa Adada,

Moni kwa inu ndi onse a pamudzi pa a Hara. Ife kuno tadzuka. Adzukulu anu Angella ndi Ian akupita kusukulu bwinobwino, ine ndikusokabe mayunifomu pakhonde lija la kumsika.

Ndaganiza zoti ndizilemba makalata chifukwa pa foni sitikumvananso. Lamulungu lija ndinakuwa mpaka a nyumba yoyandikana nafe anasuzumira pawindo, koma inu munkangoti yewo, yewo, osamva chimene ndikunena. Alamu anga a Keziya ati ndizitumiza makalata pa basi mpaka ku Mzimba Boma, iwo azikutengerani akamabwera ku Embangweni.

Kodi bondo lija likuti bwanji? Mankhwala a BP mukumwa m'mawa uliwonse? Mchere mwachepetsa monga ananenera achipatala? Nanga chakudya chikulowa? Ndatumiza juzi yofiirira, muzivala kukayamba kuzizira.

Papita zaka zitatu chitisiyireni bambo a ana awa, koma ine ndikadali mkamwana wanu. Pali nkhani ina imene ndimafuna kukuuzani. Iyembekeze kaye mpaka mupezeko bwino.

Ine mkamwana wanu,
Linily NyaMbewe

*

Embangweni
24 Marichi 2024

Mkamwana,

Monire. Kalata yafika. Juzi yafika, yewo. Bondo likupweteka. Mankhwala ndikumwa. Mchere achepetsa. Kudya ndikudya. Mvula ikugwa. Moni kwa ana.

Zondwayo Hara

*

Mzimba Boma
14 Epulo 2024

Mlamu Linily,

Muli uli kumeneko? Ife tili makora, kupatula chimfine chimene chagwira ana akusukulu kwathu kuno, mpaka aphunzitsi tatsala pang'ono kumaphunzitsa mabenchi.

Ndaika kalata yanga mu envulopu ya Adada chifukwa nkhaniyi si ya pa foni. Mwaona yankho lawo lachiwirili, likungofanana ndi loyamba lija. Musadabwe, ndi mmene alili masiku ano ngakhale pakamwa. Ndikafika kumudzi ndimawapeza pampando wawo pansi pa mtengo wa mango. Ndikati mwagona uli, amati makora. Ndikati mwamwa mankhwala, amati eya. Ndikati mukufuna chiyani, amati palibe. Mbwenu, basi zatha. Munthu amene kale ankaimirira pamaliro kapena paukwati anthu n'kuiwala njala, lero tsiku lonse satha mawu odzaza m'dzanja.

Sabata yatha ndinapita nawo kuchipatala. Adokotala anawafunsa tsiku, mwezi, ndi chimene anadya dzulo. Adada anangoti, "Funsani uyu, ndiye wabwera nane." Adokotala ati mwina ndi makutu chabe, mwinanso mutu wayamba kutopa, tidzabwerenso. Ine ndikuona kuti ndi mutu. Tikakolola ndiwatenga adzakhale nane kuno ku Boma, munda tiupereke kwa ana a Adada aang'ono. Sindinawauze. Ndikawauza adzangoti eya, ndiye ndi zimene zikundiwawa.

Tsopano ina. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu anali ku Lilongwe kwa mwana wake, akuti anakuonani kawiri muli ndi bambo wina wamtali, Ian ali paphewa pake. Ine sindikukuweruzani, Steve anali mchimwene wanga koma anapita. Ndikungoti nkhani imayenda msanga kuposa basi. Ine sindinawauze Adada, koma sindingalumbire kuti sanamve.

Mlamu wanu,
Keziya

*

Area 25, Lilongwe
28 Epulo 2024

Alamu,

Moni. Pepani chimfinecho. Kalata yanu ndinaiwerenga ndili pamakina, ndipo tsiku limenelo ndinasoka kolala chagada.

Mayiyo sananame. Dzina lawo ndi a Evance, amawotcherera zitseko ndi mawindo kufupi ndi pamene ndimasokera. Akazi awo anamwalira kalekale. Akufuna banja, ndipo ine ndavomera mumtima, koma pakamwa ndawauza kuti sindingayankhe Adada asanadziwe.

Tsopano mwandimasulira chinthu. Ine ndimati Adada akundiyankha mwachidule chifukwa cha bondo. Kani anamva, ndipo andikwiyira. Taonani kalata yawo, sanatchule ngakhale dzina la Angella, mwana amene ankamunyamula pakhosi. Alamu, mwambo wa kwanu ndimaudziwa. Ng'ombe zinapita kwathu ku Dowa, ana ndi a kwa Hara. Ndikakwatiwa, kodi sadzanena kuti ana abwere kumudzi? Ndikaganiza zimenezi ndimafuna kungowauza a Evance kuti ayang'ane kwina.

Ndaikamo kakalata ka Adada. Sindinalembe za ukwati, mtima wakana. Ndangolemba zimene Angella wandivutitsa nazo sabata yonse.

Linily

Okondedwa Adada,

Moni. Ndikhulupirira bondo likuchepa. Mundikhululukire, lero ndikutchula dzina limene sitimalitchula pamaso panu. Kusukulu kwa Angella awauza kuti alembe za kumene makolo awo anabadwira. Za ine walemba. Za bambo ake ndangomuuza kuti Chikangawa, koma wandifunsa kuti kumeneko n'kotani, ndipo Steve ali mwana anali wotani. Ndapeza kuti sindikudziwa. Ine ndinakumana naye ali kale makanika ku Kanengo, manja ali bii ndi oyilo. Dzulo mwanayu wandiuza kuti mawu a bambo ake wayamba kuwaiwala. Ngati n'zolemetsa musayankhe, ndidzamva.

NyaMbewe

*

Mzimba Boma
2 Juni 2024

Mlamu,

Moni nonse. Mwadikira mwezi wathunthu, ndipo wochedwetsa ndine. Kakalata kanu sikanali komata, ndinakawerenga, ndipo nditaona dzina la Steve ndinakaika m'chikwama. Ndinkaopa BP. Chimwalirireni mchimwene wanga tinagwirizana pamudzi kuti pamaso pa Adada tisamakambe za iye. Ndinapita kumudzi kawiri kalata ili m'chikwama momwemo. Ulendo wachitatu anandifunsa okha kuti, "Ku Lilongwe kwati zii?" Ndinachita manyazi, ndinawapatsa.

Anawerenga, anavula magalasi, anawerenganso. Ine ndinali nditakonzeka kale kuthamangira njinga ya kabaza yoti iwatengere kuchipatala. Koma anangoti, "Keziya, pepala." Ndinawapatsa limodzi. Anati, "Ukuganiza kuti ndikulemba za bondo?" Ndinang'amba pakati pa kope la mwana wasukulu.

Analemba kuyambira dzuwa lili pamutu mpaka nkhuku kulowa. Chakudya chinazizira. Pena ankaseka okha, pena ankandiitana kuti, kodi dalaivala uja wa lole yobiriwira anali ndani, kenako n'kudziyankha okha ndisanatsegule pakamwa. Mayina a anthu a zaka makumi anayi zapitazo, mlamu, onse ali nawo. Munthu amene sanathe kuuza adokotala kuti lero n'lachingati.

Sindikudziwa choti ndiganize. Kalata yawo ndi iyi, sindinaiwerenge, anamata okha ndi phala.

Keziya

*

Embangweni
1 Juni 2024

Mkamwana NyaMbewe, ndi iwe Angella mdzukulu wanga,

Monire mose. Angella, khala pansi, agogo ako ayamba, ndipo Chichewa changa ukachipeza chopindika uchiwongole wekha, ndinachiphunzira kuntchito.

Chikangawa si mudzi ngati kuno. Ndi mapiri ovala mitengo ya paini, mizeremizere ngati asilikali, kuchoka pamene waima mpaka pamene maso athera. Ina mwa mitengo imeneyo ndinadzala ndi manja angawa, ndili mnyamata, tikunyamula mbande m'mabokosi pamutu, zala zitauma ndi chisanu. Kenako anandiika kumacheka, ndipo macheka amenewo ndiwo anadya makutu angawa. Kumeneko m'mawa nkhungu imatsika mpaka munthu sutha kuona phazi lako. Malole a matabwa umangowamva kulira pamsewu waukulu, magetsi ali ngati maso a mphaka. Fungo lake ndi utomoni ndi utuchi wonyowa. Mvula ikagwa bowa amamera pansi pa mitengo, agogo ako aakazi ankabwera naye wodzaza dengu.

Bambo ako anabadwa mwezi ngati uno, kukuzizira chomene. Galimoto inasowa, ndiye amayi ake tinawakweza pa thirakitala yokoka mitengo. Anabadwa tisanafike kuchipatala, pakona pamene pali mlatho waung'ono. Dalaivala anavula jekete lake n'kumukulunga. Dalaivalayo dzina lake linali Steve, munthu wa ku Mulanje, ndipo dzina linachokera pamenepo.

Tsopano ndikuuze chimene amayi ako sakudziwa. Bambo ako anali wachibwibwi. Ankati akafuna kunena kuti adada, amagwira pa a, a, a, mpaka misozi. Kusukulu aphunzitsi akamuloza ankangoima ngati chitsa, anzake n'kumaseka. Anthu ankati mwanayu mutu wake ndi wochedwa. Inenso ndinakhulupirira, ndipo madzulo alionse ndinkamufunsa kuti kusukulu mwaphunzira chiyani, iye n'kumangoyang'ana pansi.

Tsiku lina Loweruka ndinamupeza atakhala pamulu wa matabwa m'mbali mwa msewu, nkhungu ili tolo. Kunamveka lole ikukwera chitunda, yosaoneka. Ndinangolankhula ndekha kuti kaya ndi ya ndani imeneyo. Mwana uja anati, "Ndi ya a Mhango, yasintha giya mochedwa, ndipo tayala lakumbuyo kumanzere ndi lofewa, tamverani mmene ikulirira." Mawu onsewo anatuluka ngati madzi a pampopi, osagwira paliponse. Lole itatulukira inalidi ya a Mhango. Ndinakhala naye pamatabwa paja mpaka dzuwa linabalalitsa nkhungu, ine kufunsa, iye kuyankha. Kuyambira pamenepo ndinasiya kumufunsa za kusukulu. Tinkayamba ndi malole, lilime likamasuka, za kusukulu zinkabwera zokha pambuyo. Pofika Sitandade 8 chibwibwi chinkangobwera akakwiya basi.

Mawu ake ukuti wayamba kuwaiwala. Anali otsika, osathamanga, ndipo asanaseke ankayamba wakhosomola kamodzi. Ukadzamva munthu akuchita zimenezo udzatembenuka, ngati mmene ndimatembenukira ine.

NyaMbewe, izi ndi zanu. Mwana wanga anabwera m'bokosi lomata, nthawi ya mliri ija. Anthu ovala zoyera anamutsitsa m'manda ife titaima patali ngati alendo. Panalibe kugona pasiwa, panalibe mawu. Ine amene ndalankhulira maliro a anthu ambiri m'dera lino, pa mwana wanga sindinanene kanthu. Kuchokera tsiku limenelo palibe amene amamutchula ndikakhalapo. Ndikalowa, nkhani imasintha. Onse amandifunsa bondo. Nanga bondo lili ndi mawu angati? Likupweteka, kapena silikupweteka. Ndikudziwa kuti ndi chikondi, sindikudandaula. Koma inu ndinu woyamba kugogoda pakhomo pamene ndimakhala.

Angella andifunsenso. Za moto umene unatentha nkhalango chaka chimene bambo ake anayamba sukulu sindinanene, ndipo pepala latha.

Ine agogo ako, ine apongozi anu,
Zondwayo Hara

*

Area 25, Lilongwe
16 Juni 2024

Okondedwa Adada,

Moni wochuluka. Kalata yanu Angella waiwerenga mokweza katatu, ndipo ntchito ya kusukulu ija analemba masamba awiri mpaka aphunzitsi anamufunsa ngati anapitako. Mafunso ake ena ali papepala lakelo, ndi ambiri, muyankhe amene mungathe.

Ine sindinathe kumaliza kumvetsera, ndinatuluka panja. Zaka khumi ndinakhala ndi Steve osadziwa za chibwibwi. Adada, Ian ali nacho. Chinayamba chaka chatha. Sindinakuuzeni chifukwa ndinkati ndisakuwonjezereni nkhawa, ndipo ndakhala ndikumukalipira kuti alankhule bwino. Lachitatu ndinamufunsa za nkhunda zimene amaziyang'anira kwa a neba. Analankhula mpaka madzi osamba anazizira. Anagwira kawiri kokha.

Tsopano popeza mwanditsegulira, nane ndisabise. Nkhani ija ndinati iyembekeze ndi iyi. Pali bambo wina, a Evance, wowotcherera zitsulo, wamasiye ngati ine. Akufuna kundikwatira. Ana amawakonda, ndipo iwo sanayesepo kuwauza anawo kuti aziwatchula bambo. Ine ndikufuna, Adada, sindinama. Koma sindinawayankhe. Ndinkaganiza kuti munamva kale kwa anthu ndipo n'chifukwa chake munkandiyankha mawu awiriawiri.

Mantha anga ndi ana. Mwambo ndikuudziwa ndipo sindikulimbana nawo. Ndikungopempha kuti ngati mawu ake ndi oti ana abwere kumudzi, mundiuze poyera, ndipo ine ndidzawauza a Evance kuti sizitheka. Sindingasinthanitse Angella ndi Ian ndi banja.

Mkamwana wanu,
NyaMbewe

*

Area 25, Lilongwe
21 Julayi 2024

Alamu a Keziya,

Moni. Mwezi wapitirira ndipo kwa Adada kuli chete. Pa foni mumangoti dikirani. Ndapota nanu, ngati kalata ija ili m'chikwama mwanu ndiuzeni, sindikwiya. Ngati munapereka, anati chiyani? A Evance sakundifulumiza, koma ndikawaona akubwera ndimalowa kuseri kwa nsalu. Angella akufunsa tsiku lililonse za moto wa m'nkhalango uja.

Linily

*

Mzimba Boma
28 Julayi 2024

Mlamu,

Tili makora. Kalata ndinapereka tsiku lomwe ndinafika, ulendo uno sindinasunge. Pa foni ndinkati dikirani chifukwa nanenso sindinkadziwa.

Atawerenga sanapemphe pepala. Anaipinda, anaika m'thumba la juzi ija, anatenga ndodo n'kupita kumanda. Sanafune kuti ndiwaperekeze. Sabata imeneyo anabwerera ku eya ndi yayi, ndipo ine ndinati basi, tawapha.

Loweruka lapitali anaitanitsa Adada aang'ono ndi amuna ena a pamudzi. Ife akazi tinali kukhitchini koma khomo linali lotsegula. Ena ananenadi kuti ana abwere, makamaka Ian, poti ndi mwamuna. Adada anawasiya onse alankhule. Kenako anayamba iwo, m'Chitumbuka chija cha pabwalo chimene ndinachimva komaliza ndili mtsikana, mawu oyenda pang'onopang'ono, aliyense akumutchula ndi chiwongo chake. Sindikuuzani zimene ananena, ati alemba okha.

Za kuwatengera ku Boma ndinawauza tsopano. Sanati eya. Anandiyankha mpaka ndinachita kupepesa. Tagwirizana kuti azibwera kwa ine miyezi ya mvula yokha, msewu ukamavuta, ndipo kuchipatala tipitabe mwezi wamawa kuti adokotala aone za makutu ndi za kuiwalako, chifukwa masiku amawasokonezadi. Koma ndasintha kafikidwe. Dzulo ndinayamba ndi kuwafunsa kuti amayi anakumana nawo kuti. Mankhwala anamwa ali pakati pa nkhani, osawakumbutsa.

Keziya

*

Embangweni
4 Ogasiti 2024

Kwa mkamwana wathu NyaMbewe,

Monire. Ndachedwa kuyankha, ndipo chifukwa chake sindikubisirani. Kalata yanu inandipweteka. Za bamboyo sindinamvepo kwa munthu aliyense, ndinamva kwa inu. Nditawerenga ndinaona ngati mwana wanga akumwalira kachiwiri, ndipo ndikanalemba sabata imeneyo ndikanalemba zoipa. Ndinadikira kuti mtima ukhale pansi. Nkhani ya ukwati siyankhidwa munthu ali chiimire.

Tsopano mawu a pamudzi pa a Hara ndi awa.

Inu munalowa pakhomo pano mwaulemu. Munamusamala mwana wathu ali moyo, munamulira atapita, ndipo zaka zitatu mwakhala mukufunsa za nkhalamba imene sinakuberekeni. Palibe mlandu umene tikukusungirani. Mwezi wa Okutobala, tisanayambe kulima, mubwere ndi atsibweni anu a ku Dowa tidzakusudzuleni poyera, pamaso pa anthu, kuti pasadzapezeke wonena kuti munachoka mozemba.

Ana ndi a kwa Hara, zimenezo sizisintha, ndipo dzina lawo lisasinthe. Koma abale anga ndawafunsa kuti, mwana wachibwibwi mukamuchotsa kwa mayi ake n'kumubweretsa kumene anthu akulankhula chinenero chimene sachidziwa, mukufuna adzalankhulenso liti? Ana akhala ndi inu. Chimene tikupempha n'chakuti tchuthi chachikulu chilichonse azibwera kuno, adziwe manda a bambo awo, munda wawo, ndi Chitumbuka pang'ono. Ulendo woyamba ndikufuna tidzakwere basi ine ndi iwo mpaka ku Chikangawa. Mitengo yambiri anadula, ndamva, koma mlatho uja ulipo.

Musamukalipire Ian. Mumuuze kuti agogo ake akufuna kudziwa kuti nkhunda yaimuna amaizindikira bwanji, andilembere kapena ajambule. Yankho la Angella la moto lili papepala lina, ndi lalitali, muwerenge mutadya.

Bambo Evance abwere nanu mu Okutobala. Sindinganame kuti ndidzakondwa pomuona akutsika galimoto pamalo pamene ankatsikira mwana wanga. Mwina tsiku limenelo mawu adzandithawa, ndipo iye adzaganiza kuti ndamuda. N'chifukwa chake ndikupempha mundithandize. Mundilembere msanga kuti munthuyu amakonda kukamba za chiyani, kuti akadzakhala pansi pa mango ndisadzangomufunsa kuti mwayenda bwanji.

Ine Adada anu,
Zondwayo Hara